Zibakera za a Baisikopo

"Kodi amake Chisomo, n'zoona mukukaphika kumaliro a munthu amene anagonthetsa amuna anu khutu?"

Anandifunsa choncho ndi amake Rudo, a nyumba yoyandikana nafe kuno ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, atandiona ndikutuluka ndi poto wamkulu pamutu. Ndinangowayankha kuti maliro n'kulirana, n'kupitiriza ulendo. Yankho lenileni ndi lalitali, ndipo mwini wake anandiletsa kulinena iye ali moyo. Tsopano tawaika m'manda, palibe angawamenye. Amuna anga, a Yohane, avomera kuti ndinene. Komabe pamene ndikulemba pano, chitseko ndatseka.

Dzina lawo anali a Mbewe, koma palibe ankawatchula choncho. Akuluakulu ankati a Baisikopo, dzina lakale la kanema, ana n'kumati Sekuru Bhaisikopo, poti sekuru ndi agogo m'Chishona. Anali munthu wamfupi, wowonda, wa chifuwa cha fumbi la mumgodi. Chipewa chawo chinali chakuda ndi thukuta m'mphepete, ndipo pakamwa sipankachoka kamtengo ka machesi chisiyireni fodya. Moni sankayamba ndi iwo. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, ankakuyang'ana ngati wawafunsa zachinsinsi, n'kunena kuti popeza ukuwaona ataima, ndiye kuti adzuka.

Anali ndi kanyumba ka malata kuseri kwa msika, m'kati muli TV, makina a matepi ndi mabenchi a matabwa. Ine ndinkagulitsa tomato ndi maputi, chimanga chokazinga chija, pakhomo pomwepo, Chisomo ali kumsana. Ndiye mafilimu awo ndinawamva ndi makutu kambirimbiri ndisanawaone ndi maso.

Ankaonetsa mtundu umodzi wokha: a akavalo ndi mfuti. Anyamata akapempha a karate, ankawalozera msewu wa ku Chinengundu kuti akawafune kumeneko. Ndipo ngakhale a akavalowo ankasankha. Ankati alipo a ku Amereka, momwe ngwazi imakhala yometa bwino, malaya osada, chipewa choyera, ndipo imapulumutsa mudzi popanda kufuna kanthu. Amenewo ankati ndi bodza la mabwana, lopangira kuti wantchito azidikira munthu wabwino wodzamuwombola. Awo okondedwa anali opangidwa ndi Ataliyana. M'menemo ngwazi imafika m'tauni ili ndi ndevu zosasamba, ntchentche zikuitera pamphumi, siipatsa munthu moni, ndipo ikathandiza munthu imayamba yafunsa kuti mari, ndiye kuti ndalama, ilipo. Wapolisi ndi wakuba. Mwini minda ndi wakuba. Wansembe amadya ndi onse awiri. Milomo ya anthu imayenda kwina, mawu kwina.

A Baisikopo ankaima pambali pa TV n'kumatanthauzira m'Chichewa, koma sankanena zimene anthuwo akunena. Ankaika zawo. Wokwera kavalo akamalowa m'tauni, iwo amvekere, "Uyu wafika ku Hatile, chitupa alibe, achibale alibe, ndipo tauni yonse ikumudikira ndi zikwanje." Hatile ndi mmene achikulire ankatchulira Chegutu kalelo. Anthu ankaseka mpaka kugwirana.

Ntchitoyi anaiphunzira ku Eiffel Flats ali mnyamata. Atavulala mumgodi anawaika kuholo ya komponi kuti azithandiza woonetsa kanema. Filimu ya nthawi imeneyo inali lamba wautali wozunguliza pa gudumu, ndipo inkaduka pafupipafupi. Ikaduka, iwo ndiwo ankailumikiza, akuiyang'ana pa kuwala kachithunzi kamodzikamodzi. Ankati n'komwe anatulukira chinsinsi chimene chinawachotsa ubwana. Chibakera cha mufilimu sichifika pansagwada. Chimadutsa pataliko, womenyedwayo n'kuponya mutu yekha, ndipo phokoso lija lakuti phwa limakhala pa kamzere kena m'mphepete mwa lambayo, anachita kuliika pambuyo. Womenyayo amaima mopatsa kamera msana kuti mpatawo usaoneke. Anthu a pakomponi ankakuwa kuti wamutha, pamene munthu sanakhudzidwe n'komwe.

Ankanenanso kuti mafilimu a Ataliyanawo anapangidwa ndi achinyamata a ku Ulaya okwiya ndi makolo awo, otopa ndi nkhondo ndi mabodza a akuluakulu, ndipo mzungu wa pamgodi ankangowaitanitsa poona akavalo pachikuto, osadziwa chimene akuonetsa antchito ake. Kaya zinali zoona, ine sindidziwa. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Koma iwo ankazinena ngati anali komweko.

Chimene ankakonda koposa sichinali ngwazi. Anali anthu aja owomberedwa n'kugwa pakavalo kapena padenga. Ankaimitsa tepi n'kuloza ndi kamtengo ka machesi: "Muoneni uyu. Anafa kale pamlatho paja. Wabweranso ndi chipewa china kuti adzafenso." Munthu akamagwa, iwo ankakuwa mawu amodzimodzi, ana onse n'kuwatsatira: "Igwa bwino, mawa ntchito ilipo!" Ankati ife a makolo a ku Malawi ndife amenewo. Dzina lathu silikhala pachikuto. Ntchito yathu ndi kugwa m'nkhondo za eni ake, ndiye tiziphunzira kugwa osathyoka.

A Nkhoma, mkulu wa mpingo wathu, sankagwirizana nazo. Tsiku lina anabwera ndi Baibulo m'khwapa, naima patebulo langa la tomato, n'kuwauza kuti akuphunzitsa ana kuti chilungamo sichilipira.

"Nanga chimalipira, abusa?" anatero a Baisikopo.

"Ine si m'busa, ndine mkulu wa mpingo."

"Pepani, ndinakukwezani. Koma tandiuzani, fakitale ya nsalu ija munaigwirira mokhulupirika moyo wanu wonse, inakupatsani chiyani potseka?"

A Nkhoma anati mphoto ili kumwamba. A Baisikopo anati ndiye filimu ya kumeneko akaionera komweko, pansi pano aonetsa ya pansi pano. Sanalankhulanenso.

Ife tinafika kuno mafamu atayamba kulandidwa, pamene Pfupajena inadzaza ndi ife ochotsedwa. A Yohane ankayendetsa thirakitala pafamu ina ya malalanje, ndipo tinachokako ndi mphasa, mapoto ndi nkhuku m'dengu. Kenaka magetsi anayamba kuzima tsiku lonse. A Baisikopo sanatseke. Ankaima pambali pa TV yozima n'kufotokoza filimu yonse pakamwa, kulira kwa mfuti, mluzu, ngakhale mapazi a kavalo. Imene ankaikonda masiku amenewo inali ya alimi osauka a ku Mekisiko amene kazembe wankhondo anawalonjeza minda. Anamenya nkhondo, mwini minda anathawa, ndipo pomaliza kazembe uja ankagona pabedi la mwini minda, alimi aja akumutungira madzi osamba.

"Madala, tsitsani mawu," anthu ankanong'ona.

"Bwanji? Ine ndikunena za ku Mekisiko. Alipo wa ku Mekisiko muno?"

Wina akanena kuti bola nthawi ya mzungu, ankamutembenukiranso: "Mzungu uti? Amene ankatcha bambo ako boyi ali ndi imvi?" Sankaima ndi aliyense. Ine ndinkachita mantha kungokhala pafupi nawo, koma maputi ankayenda pakhomo pawo pokha.

Ndiye chinafika chaka chija cha zisankho ziwiri. Pakati pa choyamba ndi chachiwiri, anyamata a chipani anamanga msasa kubwalo la mpira. Wowatsogolera ankamutcha Komanda. Dzina lake ndikulidziwa koma sindilemba. Iye anapita ku Joni, koma anzake timakwera nawo kombi imodzi.

M'mawa wina wozizira analowa nyumba ndi nyumba ndi mitengo, kutitulutsa tonse. Chisomo anali ndi malungo, thupi likuwotcha kumsana kwanga. Anatikhazika pansi m'fumbi, kutiimbitsa nyimbo, kutikwezetsa zibakera. Kutsogolo kwenikweni kunali a Baisikopo, akuimba mokweza kuposa aliyense, chipewa chikugwedezeka. Ndinawayang'ana osakhulupirira. Munthu amene dzulo lake ankanyoza kazembe wa ku Mekisiko!

Komanda anati alipo amene sanabwere kumsonkhano wapitawo, ndipo amenewo ndi vatengesi, ogulitsa dziko. Woyamba kumukoka anali a Banda, okonza njinga. Anawagoneka chafufumimba, anyamata n'kuyamba kuwamenya ndi mitengo kumsana ndi kumapazi. Sindifotokoza zambiri. Kulira kwawo kunayamba ngati kwa munthu, kunathera ngati kwa mbuzi. Ife tinalamulidwa kuwomba m'manja, ndipo tinawomba. A Baisikopo ankawomba motsatira nyimbo, nkhope ili gwa.

Kenaka Komanda analoza a Yohane.

Msonkhano wapitawo a Yohane anali atapita ndi mwana kuchipatala. Ndinafuna kuimirira kuti ndinene zimenezo, koma mayi wina kumbuyo kwanga anandigwira chitenje mwamphamvu. Komanda anati uyu ankayendetsa thirakitala ya bhunu, mzungu wa pafamu, mtima wake udakali komweko. Anayang'ana mitengo ija, ina itathyokera pa a Banda, n'kuseka. Anati anyamata ake atopa, lero mabhurandaya amenyane okhaokha. Ndi mmene amatitchulira akafuna kutikumbutsa kuti makolo athu anachokera kwina. Anafunsa kuti ndani mwa ife aonetse kuti ndi mwana wa dziko lino.

Ndinkamva mtima wa Chisomo ukugunda pamsana panga, kapena unali wanga.

"Ndipatseni ine, Komanda."

Anali a Baisikopo. Anaimirira pang'onopang'ono, akukhosomola, n'kulavula kamtengo kaja. M'Chishona chawo chothyoka anati mnyamata ameneyu amamudziwa kuyambira ali wamamina ku Eiffel Flats, ndi wamwano ngati bambo ake, ndipo akhala akumufuna kalekale. Mnyamata wina anawapatsa mtengo. Iwo anauponya kutali. Anati mitengo ndi yomenyera abulu, mwamuna amamenya ndi manja.

Anyamata aja anafa nacho chiseko. Nkhalamba yoti mphepo ingaigwetse! Komanda anakhala pampando wake n'kunena kuti tione baisikopo.

A Baisikopo anayamba ndi kuzungulira a Yohane, manja ali m'chiuno, maso atatsinzinira, monga amachitira anthu a m'mafilimu awo. Anazungulira mpaka msana wawo unaloza kwa Komanda ndi anyamata ake. Ndiye anawagwira pakolala, kuwakokera pafupi ngati akuwatukwana kumaso. Chibakera choyamba chinamveka bwalo lonse. Mutu wa a Yohane unapita kumbuyo, iwo n'kugwa chagada m'fumbi.

Ndinakuwa. Sindikumbuka zimene ndinanena, koma anthu amati ndinatemberera a Baisikopo ndi manda a makolo awo.

A Baisikopo anawadzutsa, kuwamenyanso m'mimba. A Yohane anapindika, kubuula, kugwa. Anawaponda ndi nsapato, fumbi likuti kobo. Uku akutukwana m'Chilapalapa cha kumgodi, mawu oti ine sindinawamvepo. Anyamata ankawerengera chibakera chilichonse ndi mfuwu, ena akutsanzira. A Yohane ankagwa, kudzuka mwaulesi, kugwanso. Zinatenga nthawi yaitali kwambiri.

Kenaka Komanda anasiya kuseka. Anaimirira, n'kuyamba kuyenda chozungulira kuti aone kuchokera m'mbali. Anati akuona fumbi lambiri koma magazi sakuwaona.

A Baisikopo sanatembenuke. Anadikira mpaka Komanda atafika pafupi penipeni. Ndiye anatola mwala wokwana m'dzanja, kuufumbata, n'kumenya a Yohane pakhutu lakumanzere. Kulira kwa chimenecho kunali kosiyana ndi zina zonse, kochepa, kouma. A Yohane anagwa ngati thumba, osaponya manja, osabuula. Magazi anatuluka m'khutu n'kutsikira m'khosi.

Komanda anawagwedeza ndi phazi, n'kukhutira. Anavula kapu yake ya chipani n'kuveka a Baisikopo pamwamba pa chipewa chawo. Iwo anakweza chibakera m'mwamba, chili ndi magazi a amuna anga.

Ndinawatengera kunyumba pa wilibala. Nditatseka chitseko, ndinatenthetsa madzi, ndinawavula malaya ndikulira, kuti nditsuke mabala. Ndinayang'ana pamimba. Ndinawatembenuza, kuyang'ana kumsana, nthiti, miyendo. Panalibe kanthu. Fumbi lokhalokha, ndi zigongono zosupuka chifukwa chogwa. Khutu lokha ndilo linali lotupa.

Atatsitsimuka anandikokera pafupi. Anati pamene madala aja anawagwira pakolala, sanawatukwane. Anawanong'oneza kuti, "Yohane, igwa bwino, mawa ntchito ilipo." A Yohane anakulira pa mabenchi a holo ya komponi, akukuwa mawu omwewo ndi anzawo. Anamva nthawi yomweyo. Phokoso lonse lija, madala ankadzimenya okha pachifuwa ndi dzanja linalo, chifuwa chodwala chija, ndipo nsapato inkaponda pansi pambali pa nthiti.

Mantha enieni anayamba pamenepo. Pabwalo paja ndinkaopa kuti afa. Tsopano ndinkaopa kuti wina aona kuti sanavulale. Ndinang'amba chitenje n'kuwakulunga chifuwa chonse, n'kupaka magazi a m'khutu pansaluyo. Anagona m'nyumba mpaka chisankho chinadutsa. Amake Rudo akabwera ndi phala, ndinkawalandirira pakhomo n'kunena kuti wodwala wagona. Anyamata aja akamadutsa mumsewu, a Yohane ankabuula mokweza. Atayamba kutuluka ankatsimphina ndi ndodo, ndipo ine ndinkawakumbutsa mwendo woyenera, chifukwa tsiku lina anasintha osadziwa. Chisomo anali atayamba kulankhula, ndipo ndinkaopa ngakhale pakamwa pa mwana wanga.

Patapita masiku ndinaphika sadza, nsima ya kuno, ndi nyemba n'kupita nazo kwa a Baisikopo masana, ngati ndikukatenga tebulo langa. Ndinawapeza atakhala okha, kapu ija ili kumutu, akupuma movutika. Ataona mbale anakuwa kuti msewu wonse umve: "Choka apa, mkazi wa mutengesi!" Kenaka motsitsa, osandiyang'ana: "Ukatsegula pakamwa, tonse atatu tikagona kumanda. Wamva?"

"Ndamva, agogo. Koma ndimati ndithokoze."

"Uthokoze chiyani? Anyamata aja ankafuna kunyamula TV yanga kupita nayo kumsasa kwawo. Tsopano ndine komuredi, mnzawo wa chipani, saikhudza. Ndinkapulumutsa TV."

"Nanga khutu lija?"

"Filimu yopanda magazi anthu amafuna mari yawo."

Ndinaima pomwepo, ndipo sindidziwa chimene chinandilimbitsa mtima. Ndinawafunsa za a Banda. Anatafuna kamtengo. Kenaka anati a Banda sanalowepo m'kanyumba kawo ngakhale kamodzi, ankati mafilimu ndi za ana. Akanawanong'oneza chiyani? Munthu wosadziwa kugwa ukamuphonya amangoima n'kukuyang'ana, ndiye mwafa nonse. Anati anawomba m'manja kuti Komanda awaone, kuti akadzaimirira asakayikiridwe. Sankadziwa kuti wotsatira akhala ndani. Akanakhala wina wosadziwa, akanangokhala pansi n'kupitiriza kuwomba.

Mbale ija sanaikane. Ndinaipeza m'mawa mwake pansi pa tebulo langa, yotsuka.

A Banda sanayendenso bwino mpaka lero, amakhala pakhonde, njinga anasiya. Akazi awo akamva dzina la a Baisikopo amalavula. Ine sindingawauze kuti akulakwa. Anawaona a Baisikopo akuwomba m'manja, ndipo anawombadi.

Zinthu zitazizira, anthu sanabwererenso kukanyumba kaja. Amayi analetsa ana awo. Pamsika ankawagulitsa zinthu osawayang'ana kumaso. Ine ndinasamutsa tebulo langa, chifukwa mkazi wa womenyedwa sangagulitse pakhomo pa womenya anthu osafunsa mafunso. Koma podutsa ndinkawamva m'katimo, magetsi akakhalapo, akutanthauzira filimu kwa mabenchi opanda munthu, mawu ndi nthabwala zomwe zija, mpaka chifuwa chiwadule. A Yohane anawapempha kangapo mobisa kuti tinene zoona, poti Komanda anali atachoka. Anakana. Anati anzake alipo, zisankho zimabweranso ngati dzinja, ndipo njira imene yagwira ntchito kamodzi suiulula, mwina wina adzaifuna. Anawonjeza kuti ngwazi yoti anthu akuiwombera m'manja pomaliza ndi ya ku Amereka.

Makina a matepi anafa, matepi anachita nkhungu. Chifuwa chinawatenga mwezi wathawu. Anawapeza ndi a Yohane, amene ankapitako m'mawa uliwonse ngati akukatunga madzi kumpopi wa kumsika.

Kumaliro kunabwera anthu ochepa, okwana pa mphasa ziwiri. Kwaya sinabwere. A Nkhoma anabwera okha, anapemphera mwachidule, maso ali pansi. Manda anakumba a Yohane ndi achikulire awiri a ku Eiffel Flats. Mmodzi wa iwo, potsitsa bokosi, anayang'ana a Yohane nthawi yaitali, n'kunena motsitsa kuti, "Unagwa bwino tsiku lija, mwana wanga." Ine ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndani wamva.

Dzulo ndinadutsa kuseri kwa msika. Malata anazula kale, kaya ndi ndani. Mabenchi anapita kunkhuni. TV anatenga mwini malo. Patsala bwalo laling'ono la dothi lolimba, losalala chifukwa cha mapazi a anthu, ndi mtengo umodzi umene unkagwira waya wa magetsi. Pakona pamene ankaima potanthauzira pali kadzenje ka zidendene zawo, ndipo m'menemo mwadzaza timitengo ta machesi totafunidwa. Mayi wina wayamba kuyanikapo masamba.

Amake Rudo, munandifunsa, ndiye nayi nkhani yake. Tsiku lija pabwalo a Banda anataya miyendo. A Yohane anataya khutu limodzi, ndipo ndikafuna kuwauza kanthu ndimazungulira kumanja. A Mbewe anataya dzina lawo, anthu awo ndi mabenchi odzaza, ndipo anafa asanabwezeredwe chilichonse mwa zimenezi. Chisomo sanataye bambo.